Chosaona Moto

Magetsi apita kusanache,
firiji yangoti zii ngati mlamu wokwiya.
Lero ndi Loweruka la chilimba,
amayi khumi ndi mmodzi akubwera kwanga kuno ku Chilenje,
ndipo m'thumba la makala mwatsala fumbi lokha.

Sindikudandaula.
Dzulo ndinatsikira ku Soweto, ndalama pamfundo ya chitenje,
ndinakangana ndi Tikambenji pa mtengo wa chinanazi,
iye akulumbira kuti chafika usiku kuchokera ku Mwinilunga,
ine ndikuchinunkhiza kunsi ngati khanda.
Anandiikira mbasela ya nthochi ziwiri
zamawangamawanga, zotsala tsiku limodzi kuti zigonje.

Tsopano mpeni.
Papaya ndaling'amba pakati,
njere zakuda zathamangira m'mbale ngati ana oweruka kusukulu.
Mango ndawadula masaya,
madzi ake atsikira kuchigongono,
ndanyambita, palibe wondiona.
Maapozi ndi nthochi sizichedwa kuchita manyazi,
zikangoona mphepo zimada nkhope,
ndiye ndazifinyira ndimu kuti zipirire mpaka alendo afike.
Chivwende ayi.
Chimalira kwambiri, chimasandutsa zonse dziwe.

Izi ndinaziphunzira ku Kabulonga,
zaka zisanu ndi ziwiri m'khitchini ya eni ake,
mbale yagalasi yolemera ngati mwana wa miyezi itatu.
Ndinkadula, ndinkasakaniza,
ndinkanyamula mpaka pakhonde pamene ankaseka,
kenako n'kubwerera kukadikira masipuni akuda.
Kukoma kwake ndinkakudziwa ndi mphuno
ndi kotsalira pachala potsuka.

Lero kirimu ndagula ndekha.
Ndamupuntha ndi foloko mpaka phewa kuwawa,
mpaka waima yekha osagwa.
Yogati kapu imodzi,
kondensi theka la chitini,
theka linalo Yotamu wandibera kale,
mlomo ukunyezimira, koma akukanitsitsa.

Sindivundula. Kuvundula n'kwa phala.
Apa umapinda pang'onopang'ono, kuyambira pansi,
monga mmene umapindira malaya
a munthu amene sunatope naye.

Amake Lute a pakantemba ali ndi sola,
andigulitsa mabotolo awiri a madzi oundana.
Ndakhazika mbale m'beseni, mabotolo uku ndi uku,
ndafunditsa chitenje chonyowa
pakona pamene dzuwa la Novembala silifika.

Afika.
Nsapato zaunjikana pakhomo,
buku la ndalama latsegulidwa, mawu akwera.
Zelipa sanasonkhe mwezi watha.
Esinati akuwerenga mayina ndi chala chakuthwa,
Zelipa akuwerenga ming'alu ya simenti.
Ntchito ya mwamuna wake inatha mu Ogasiti,
tonse tikudziwa,
palibe woitchula.

Pamenepo ndavundukula chitenje.
Makapu sakukwana, ena alandirira m'masosala,
Dailesi watenga chivundikiro cha poto.
Ndayamba ndi Zelipa,
ndamusankhira mango ambiri, dala, onse akuona.

Phokoso lagwa.
Kwatsala masipuni kugogoda,
ndi wina kumbuyo akuti, ichi mwaikamo chiyani, inu?
Esinati, kirimu pansonga ya mphuno,
wati, "Tidzaona mwezi wamawa,"
n'kutseka buku ndi chigongono
chifukwa manja onse ali pantchito.

Yanga ndadyera m'mbale yaikulu momwemo,
nditakhala pansi, miyendo nditatambasula,
ndi sipuni yopakulira,
osafulumira, osamvetsera ngati wina akundiitana.
Chinanazi chikuluma lilime pang'ono,
Tikambenji sananame.

Cha m'ma faifi babu yaphethira,
ana panja akuwa kuti abwera, abwera!
Firiji yatsokomola, yayamba kung'ung'udza,
yakonzeka kugwira ntchito.
Ndaionetsa mbale.
Palibe chotsala choti isunge.